Mbiri ya Kampani ya Sage

Alembi ambiri amene asunga mabuku a ndalama m'maofesi a ku Blantyre, Lilongwe ndi Lusaka adziwa pulogalamu ya kompyuta yochedwa Pastel. Koma si onse adziwa kuti mwini wace wa Pastel ndiyo kampani ya ku England, dzina lace Sage, ndi kuti Sage sinaipange ai, koma inacita kuigula. Kampani imeneyi inakula makamaka ndi kugula zinzace, ndipo tifuna kuona cifukwa cace.

Ciyambi cace cinali m'caka ca 1981 mu mzinda wa Newcastle upon Tyne, kumpoto kwa England. Kumeneko kunali munthu wina, David Goldman, amene anali ndi nyumba yosindikiziramo. Tsono nchito yosindikiza iri ndi bvuto lace: wosindikiza ayenera kuchula mtengo asanayambe nchito, atawerengera mapepala, inki ndi nthawi ya anchito ace. Akachula mtengo wocepa, ataya ndalama. Akachula waukuru, mwini nchito apita kwina. Goldman anafuna kuti makina amthandize pa kuwerengera kumeneku, ndipo anagwirizana ndi Paul Muller ndi mnyamata wina wophunzira pa Newcastle University, dzina lace Graham Wylie, amene anali wodziwa kulemba mapulogalamu. Poyamba anagulitsa kwa osindikiza anzao, koma posacedwa anazindikira kuti sitolo iri yonse isowa cosungiramo mabuku a ndalama. Pamene kampani ya Amstrad inaturutsa kompyuta ya mtengo wocepa yochedwa PCW m'caka ca 1985, eni malonda ang'ono ambiri anaigula, ndipo pulogalamu ya Sage yoyenda pa makinawo inagulidwa kwambiri. M'caka ca 1989 masheya a Sage anayamba kugulitsidwa pa msika wa London.

Apa owerenga ayenera kuzindikira cinthu cimodzi. Kuwerengera kuli kumodzimodzi pa dziko lonse lapansi, koma malamulo a msonkho ndi a malipiro a anchito asiyana dziko ndi dziko. Ku France boma lilamula ngakhale mandandanda a m'buku la ndalama, kotero kuti pulogalamu yokonzedwa ku Newcastle siingathandize mlembi wa ku Paris. Ndiponso mlembi amene wazolowera pulogalamu imodzi, naikamo mabuku a zaka zisanu, safuna kuisiya konse, ngakhale mumlonjeze ina yoposa. Cifukwa ca ici akuru a Sage anaona kuti nkwapafupi kugula kampani imene anthu a dziko lomwelo aikhulupirira kale, pamodzi ndi ogula ace onse, ndi kuilola kusunga dzina lace.

Motero inagula DacEasy ya ku America mu 1991, Ciel ya ku France mu 1992, Saari ya komweko mu 1994, KHK ya ku Germany mu 1997, ndi Peachtree ya ku Georgia mu 1999. Caka comweco ca 1999 Sage inawerengedwa pakati pa makampani 100 akuru a pa msika wa London, ndipo ndico caka cimene Goldman anamwalira. Amene anatsogolera kugula kocuruka anali Paul Walker, mkuru wa kampani kuyambira 1994 kufikira 2010.

M'caka ca 2003 dzanja la Sage linafika ku South Africa, pamene inagula Softline ya ku Johannesburg, imene Ivan Epstein ndi anzace anaiyamba mu 1988. M'nyumba ya Softline ndimo munali Pastel, ndiponso VIP yowerengera malipiro a anchito. Caka cotsatira inagula ACCPAC kwa kampani ya Computer Associates, ndipo mu 2005 inagula Adonix ya ku France, mwini pulogalamu ya X3 yothandiza mafakitale ndi makampani okulirapo.

Si kugula konse kumene kunabala zipatso. Mu 2006 Sage inapereka madola 565 miliyoni kugula Emdeon Practice Services, yokonza mapulogalamu a madokotala a ku America. Nchito imeneyi inali yacilendo kwa anthu ozolowera mabuku a masitolo, ndipo mu 2011 anaigulitsa kwa Vista Equity Partners pa madola 320 miliyoni okha. Momwemonso ACT! ndi SalesLogix, zosungira maina a ogula malonda, zinagulidwa mu 2001 ndi kugulitsidwanso mu 2013.

Koma bvuto lalikuru linacokera ku nzeru yomwe ija imene inakuza kampani. Sage inakhala ndi mapulogalamu ambirimbiri ogwira nchito imodzi, yense wofuna amisiri ace omkonza pamene boma lisintha msonkho. Anayesa kuwapatsa maina a banja limodzi: Peachtree inachedwa Sage 50, ACCPAC inachedwa Sage 300. Komatu dzina silisintha za m'kati, pakuti Sage 50 ya ku America ndi Sage 50 ya ku England zinakhalabe zinthu ziwiri zosiyana. Pa nthawi yomweyo kunabuka makampani onga Xero, imene inayamba ku New Zealand mu 2006. Iwo anaika pulogalamu yao pa intaneti, ogula nalipira mwezi ndi mwezi, ndipo cikasinthika cinthu anakonza pa malo amodzi, onse nalandira tsiku lomwelo. Ife tiganiza kuti Sage inacedwa kuona kuopsa kwace kwa njira imeneyi, monga acita munthu amene nkhokwe zace ziri zodzala.

Yankho lace linali kugulanso. Mu 2017 inapereka madola 850 miliyoni kugula Intacct ya ku San Jose, California, pulogalamu yoyenda pa intaneti kuyambira ciyambi cace; kufikira nthawi imeneyo Sage inali isanagulepo kanthu ka mtengo wotere. Ndipo tsopano inacita cimene inali kucipewa kale: inatenga pulogalamu imodzi niyamba kuikonzera malamulo a maiko ena. Intacct inafika ku Australia ndi ku Britain mu 2019, ndi ku South Africa mu 2020.