Chombo Chimene Amati Chinamira Osagonja

M'dziko la France muli mbiri yakale imene ana ambiri anaimva m'sukulu, yonena kuti chombo chankhondo chotchedwa Vengeur du Peuple, pamene chinazingidwa ndi Angerezi pa 1 June 1794, chinakana kutsitsa mbendera, ndipo chinamira pamodzi ndi amalinyero ake onse akufuula mawu otamanda dziko lawo. Mbiriyo njokoma m'makutu, koma zolembedwa za iwo amene analipo sizivomereza.

Chombochi chinalowa m'madzi ku Toulon m'chaka cha 1766, chili ndi mizinga 74, ndipo dzina lake loyamba linali Marseillois, popeza amalonda a mzinda wa Marseille ndiwo anasonkha ndalama zochipangira, dziko litataya zombo zambiri pa nkhondo imene inatha mu 1763. Chinaoloka nyanja kukathandiza Amereka polimbana ndi Britain, nichita nawo nkhondo ya ku Chesapeake mu 1781 ndi ya ku Saintes mu 1782. Dzina latsopanolo anachipatsa mu 1794, ufumu utagwa, matabwa ake atakalamba kale.

Chaka chimenecho njala inali itakula m'dziko la France, ndipo maso a onse anali pa zombo zoposa 100 zimene zinali kudza ndi chakudya kuchokera ku Amereka. Kotero gulu la zombo zankhondo lotsogozedwa ndi mkulu wa asilikali apanyanja Villaret-Joyeuse, m'mene munalinso Vengeur, linatuluka ku Brest kukazitchinjiriza, ngakhale kuti chipwirikiti cha masiku amenewo chinali chitabalalitsa akulu ambiri odziwa za panyanja, nichisiya zombo m'manja mwa anthu olimba mtima koma osaphunzira mokwanira ntchito ya matanga ndi mizinga. Ndikhulupirira kuti tsoka la Vengeur linayambira pamenepo, lisanaonekere pa mafunde.

Pa tsiku la nkhondolo, anangula a chombo cha Angerezi chotchedwa Brunswick anakola m'mbali mwa Vengeur, ndipo zombo ziwirizo zinaomberana kwa maola angapo zili chigwiranire, kufikira Vengeur, milongoti yake itagwa ndi madzi akulowa pa mazenera otulukira mizinga, inayamba kutitimira. Pamenepo inaonetsa chizindikiro cha kugonja ndi kupempha chithandizo. Angerezi, pokumbukira kapena kuti chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe, anatsitsa mabwato awo napulumutsa anthu mazana angapo, pamodzi ndi mkulu wa chombocho, Renaudin. Koma ovulala ambiri, amene sanathe kunyamulidwa, anamira nacho, ndipo opulumuka anachitira umboni kuti ena mwa iwo anafuuladi kutamanda dziko lawo.

Zombo za chakudya zija zinafika bwino ku Brest, komabe France inali itataya zombo zankhondo 7, ndipo olankhula pa mabwalo a ku Paris, pofuna kuphimba chilondacho, anakuza mfuu ya ochepawo naisandutsa imfa yodzisankhira ya onse. Chimene chindiwawa mtima nchakuti nkhani yokometsedwayo inafafaniza chifundo cha adani amene anapalasa mabwato kukatola anzawo m'madzi, ndiponso inaika m'manda amuna amene anali moyo m'ndende za ku England. Renaudin mwini anabwerera kwawo, nakhala ndi moyo kufikira 1809. Ngakhale wolemba mbiri Thomas Carlyle analemba mbiri yokometsedwayo m'buku lake la 1837, ndipo anaikonza pambuyo pake, msilikali wina wokalamba wa Chingerezi amene anaona zonse ndi maso ake ataitsutsa poyera.