Denga, ndi Mayina Ake m'Mapulani a Nyumba ku Chipata

Denga, kapena tsindwi, ndilo chofunda cha nyumba. Makolo a m'midzi yozungulira Chipata ankalimanga ndi phaso, luzi ndi udzu, nalikweza pa zipupa ali chigulu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma chikhazikitsire Azungu boma lao ku Fort Jameson, mudzi umene lero ukutchedwa Chipata, ndi chifikire amishoni a Dutch Reformed Church ku Magwero mu 1899, malata anayamba kulanda malo a udzu, ndipo pamodzi nao anadza mayina a Chingelezi amene ojambula mapulani amalemba kufikira lero.

Denga lotsetsereka mbali ziwiri amati gable roof; lotsetsereka mbali zonse zinayi, limene limapirira mphepo koposa ngakhale lidya mitengo yambiri, ndilo hip roof. Mitengo yolumikizidwa mwa makona atatu yonyamula denga ndi truss, yopingasa yokhomerapo malata ndi purlin, ndipo ngalande yotunga madzi m'mphepete ndi gutter. Kampanda kokwera pamwamba pa chipupa cha kumaso, kobisa malata monga tiona pa masitolo akale a Amwenye ku Down Shops m'Chipata, ndi parapet. Kamakometsa nyumba ndithu, koma mmisiri akalephera kutseka bwino mpata wa pakati pa kampandako ndi malata, mvula ya mu Januwale idzalowera pomwepo, niwononga katundu.

Chipata inalandira ulemu wa mzinda mu 2017, ndipo womanga m'dera la khonsolo ayenera kuyamba waonetsa pulani yake kuti ivomerezedwe.