Siteshoni ya zanyengo ya ku Dedza ndi ntchito yoyeza nyengo kumapiri

Siteshoni ya zanyengo ya ku Dedza ndi amodzi mwa malo amene boma la Malawi limayezerapo mvula, kutentha, mphepo ndi chinyezi. Ili pamtunda wa mamita opitirira 1,600 kuchokera pomwe pamalekezera nyanja yamchere, choncho ili m'gulu la masiteshoni okwera kwambiri m'dziko muno, ndipo mwa amenewo ndiyo yoyandikira mzinda wa Lilongwe. Imayang'aniridwa ndi Nthambi yoona za Kusintha kwa Nyengo ndi Zanyengo, yomwe likulu lake lili ku Blantyre. Zimene amalemba pa siteshoniyi zimaphatikizidwa ndi zochokera ku Chitedze, ku bwalo la ndege la Kamuzu ndi kwina, n'kupanga ulosi umene anthu amamva pa wailesi.

Malo ake

Boma la Dedza lili pa msewu wa M1, pafupifupi makilomita 85 kum'mwera chakum'mawa kwa Lilongwe, m'munsi mwa phiri la Dedza lomwe nsonga yake imafika mamita 2,198. Lilongwe ali pachidikha cha mamita pafupifupi 1,050. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera, motero masana a ku Dedza amatsika ndi madigiri atatu kapena anayi poyerekeza ndi a ku Old Town kapena ku City Centre. Ndicho chifukwa chake wokwera basi pa depoti ya Lilongwe atavala malaya okha amafika ku Dedza akufuna juzi, ndiponso chifukwa chake mbatata ya kachewere ndi mitengo ya paini zimachita bwino kumeneko.

Kum'mawa kwa Dedza mtunda umatsetsereka kwambiri kulowera ku Golomoti ndi kunyanja ya Malawi. Mphepo yachinyezi ikafika pa chitunda chimenechi imakakamizika kukwera, imazizira, ndipo nthunzi yake imasanduka mitambo, nkhungu kapena mvula yamawawa. Woyeza nyengo wa kumtunda amaona kusinthaku kukuchitikira pamaso pake, nthawi zina iye mwini ali m'kati mwa mtambowo.

Bwalo la zipangizo

Siteshoni yokhala ndi anthu imakhala ndi bwalo lotchingidwa ndi waya, la udzu wometedwa, kutali ndi mitengo ndi nyumba. Pakati pake pamaima bokosi loyera la matabwa okhala ndi mipata, lotchedwa Stevenson screen potengera dzina la Thomas Stevenson wa ku Scotland amene analikonza mu 1864. Limakwezedwa pakati pa mamita 1.25 ndi 2 kuchokera pansi, ndipo ntchito yake ndi kutchinga dzuwa ndi mvula koma kulola mphepo kudutsa. M'kati mwake mumakhala ma thermometer anayi. Ina imasunga kutentha kopambana kwa tsikulo, ina kuzizira kopambana, ndipo ziwiri zotsalazo zimagwira ntchito limodzi: ina ndi youma, ina yokutidwa ndi kansalu konyowa. Mpweya ukauma, madzi a pakansalu amauluka msanga n'kuiziziritsa, ndipo kusiyana kwa ziwirizi kumasonyeza kuchuluka kwa chinyezi. Tsiku la nkhungu zonse ziwiri zimawerenga chimodzimodzi.

Choyezera mvula ndi chitini chokhala ndi fanulo ya mamilimita 127 kukamwa kwake. Madzi amagwera m'botolo, ndipo woyeza amawatsanulira m'galasi la mizere. Milimita imodzi imatanthauza lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, choncho mvula ya mamilimita 30 imathira malita 300,000 pa hekitala. Pamtengo wachitsulo wa mamita 10 pamakhala timakapu tozungulira toyeza liwiro la mphepo, ndi muvi wosonyeza kumene ikuchokera. Palinso mpira wagalasi umene umasonkhanitsa kuwala kwa dzuwa n'kutentha kakhadi. Kutalika kwa mzere wopsawo ndiko maola amene dzuwa lawala. Beseni lalikulu lachitsulo limasonyeza madzi amene auluka pa tsiku, ndipo ma thermometer ena amakwiriridwa m'nthaka kuti athandize alangizi a zaulimi.

Mu ofesi mumakhala barometer, yoyeza kulemera kwa mpweya. M'mphepete mwa nyanja yamchere imawerenga pafupifupi mahekitopasiko 1,013, koma pamtunda ngati wa Dedza imawerenga chapafupi ndi 840, popeza mpweya wa pamwamba pake ndi wochepa. Nambala ya kumapiri imayamba yawerengetseredwa pa muyezo wofanana isanayerekezedwe ndi ya ku Salima kapena ku Ngabu.

Tsiku la woyeza nyengo

Ntchitoyi imayendera wotchi ya dziko lonse, yomwe imatsalira ndi maola awiri pa nthawi ya ku Malawi. Nthawi zikuluzikulu zoyezera ndi 2 koloko usiku, 8 koloko m'mawa, 2 koloko masana ndi 8 koloko madzulo, ndipo masiteshoni a anthu okwanira amayezanso pakatikati pa nthawizi. Pa mphindi yomweyo anzake a ku Nairobi, Pretoria ndi London amakhala akuchita zomwezo.

Nthawi ya 8 koloko m'mawa ndiyo mutu wa tsiku. Woyeza amawerenga mvula ya maola 24 apitawo, amalemba kutentha ndi kuzizira kopambana, n'kubwezeretsa ma thermometer kuti ayambirenso. Amasintha kakhadi ka dzuwa tsiku lililonse, amawonjezera madzi m'beseni, amaonetsetsa kuti kansalu ndi koyera ndiponso konyowa. Amatsegula bokosi mwachangu ndipo sapumira pa zipangizo, chifukwa mpweya wa m'kamwa wokha ungakweze nambala.

Zina amayeza ndi maso. Thambo amaligawa m'magawo asanu ndi atatu n'kunena angati aphimbidwa ndi mitambo. Amatchula mtundu wa mitambo mwa mitundu khumi yodziwika, n'kuyerekeza kutalika kwa tsinde lake. Pamenepa phiri limathandiza, popeza msinkhu wake ndi wodziwika ndipo amangoona pamene mtambo walidula. Amayeza kutalika kwa pomwe maso akufika pogwiritsa ntchito zizindikiro zomwe mtunda wake anaupima kale. Munthu akalephera kuona kupitirira kilomita imodzi, imeneyo imalembedwa kuti ndi nkhungu. Amalembanso mabingu, ziphaliwali, matalala, mame ndi utsi wa lupsa umene umaphimba thambo mu Seputembala ndi Okutobala.

Zonsezi zimalowa m'kaundula, kenako zimasandulizidwa kukhala uthenga wa manambala a m'magulu asanuasanu wotchedwa SYNOP, womveka m'dziko lililonse mosasowa womasulira. Uthengawo umapita ku likulu, ndipo kuchokera uko umalowa m'njira za bungwe la World Meteorological Organization, lomwe linakhazikitsidwa mu 1950.

Kuvuta kwa ntchitoyi sikuli m'kulemera kwake koma m'kusadumphitsa. Kulibe Lamulungu, kulibe Khirisimasi. Mu Juni ndi Julayi woyeza amatuluka m'chisanu choumitsa zala. M'dzinja amawerenga galasi mvula ikumukhuthukira. Lamulo lalikulu ndi lakuti alembe chimene waona pa nthawi yake. Akaphonya, malowo amasiyidwa opanda kanthu, chifukwa nambala yongopeka imawononga kaundula kuposa mpata.

Nyengo za pachaka

Mvula ya dzinja, kuyambira Novembala kufika Epulo, imabwera makamaka ndi mkumano wa mphepo za kumpoto ndi za kum'mwera umene umatsika ndi dzuwa, komanso ndi mpweya wachinyezi wochokera ku Congo. Kuyambira Meyi kufika Ogasiti mphepo yozizira ya kum'mwera chakum'mawa imalamulira. Panyanja imeneyi ndi mwera umene asodzi amauopa, ndipo kumapiri, makamaka a chigawo cha kum'mwera, imabweretsa chiperoni, mawawa ozizira otchedwa ndi dzina la phiri la Chiperone ku Mozambique. Usiku wopanda mitambo mpweya wozizira umatsikira m'madambo, kotero kuti m'bandakucha m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi ku Lilongwe mungazizire mofanana ndi kumtunda. Chilimwe chimatentha mu Okutobala, koma ku Dedza sikufika pa kutentha kwa kunyanja.

Phindu lake kwa Lilongwe

Siteshoni imodzi payokha silosera kanthu. Akadaulo amaika manambala a Dedza pambali pa a Chitedze, malo a kafukufuku wa zaulimi a pa msewu wa Mchinji, ndi a bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, n'kuonjezera zithunzi za setilaiti. Woyendetsa ndege amafuna kudziwa za mitambo ndi mphepo, mlimi amafuna kudziwa ngati mvula yodzalira yafika kapena kukubwera ng'amba, ndipo nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi imafuna chenjezo. Mzinda wa Lilongwe umadalira mvula ya kumapiri: mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde n'kudutsa ku Old Town, umachokera m'mapiri a Dzalanyama. Madzi a Lingadzi atasefukira mu Febuluwale 2017 ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo, komanso namondwe Freddy atagwetsa matope a phiri la Soche ku Blantyre mu Marichi 2023, zinaonekeratu kuti chenjezo la msanga ndi nkhani ya moyo.

Mayiko ena ndi makina atsopano

Kunja kuli masiteshoni omangidwa pansonga penipeni. Ya Sonnblick ku Austria, pa mamita 3,106, yakhala ikugwira ntchito kuyambira 1886, ndipo ya pa Mount Washington ku America inayeza mphepo ya makilomita 372 pa ola mu Epulo 1934. Ulemu wa malo amenewa umachokera pa kutalika kwa kaundula wawo, popeza nyengo ya dera imadziwika powerengetsera zaka 30, monga 1991 mpaka 2020.

M'zaka zaposachedwa Malawi waika masiteshoni odziyezera okha, oyendera mphamvu ya dzuwa, amene amatumiza manambala kudzera pa netiweki ya foni. Ena anabwera ndi pulojekiti ya M-CLIMES yothandizidwa ndi Green Climate Fund ndi UNDP. Makinawa amayeza usana ndi usiku, koma fanulo yake imatsekeka ndi masamba, mabatire amatha, ndipo akuba amalimbana ndi masola. Amafunabe munthu wowapukuta, wowayerekeza ndi zipangizo zakale ndiponso anthu a m'dera owateteza. Pokhapokha kaundula wa malo ngati Dedza atapitirira osaduka, m'pamene dziko lingadziwe motsimikiza ngati mvula ikuchedwa kuyamba ndiponso ngati kumapiri kukutentha kuposa kale.