Kufufuza Zamoyo za Kumapulaneti Ena mu Elite Dangerous

Kufufuza zamoyo za kumapulaneti ena, kumene osewera amakutcha exobiology, ndi imodzi mwa ntchito zimene munthu angagwire mu Elite Dangerous, masewera a pakompyuta oyendetsa chombo cha m'mlengalenga. Wosewera amasaka pulaneti lokhala ndi zamoyo, amatera, amatsika m'chombo n'kuyenda wapansi, amatenga masampulo atatu a chamoyo chimodzi, kenako n'kukagulitsa zimene wapezazo. Zamoyo zonsezi n'zopeka, pakuti mpaka lero asayansi sanapeze chamoyo chilichonse kunja kwa dziko lapansi. Komabe opanga masewerawa sanangozimwaza mwachisawawa. Mtundu uliwonse uli ndi mpweya wake, kutentha kwake ndi nthaka yake, ndipo amene waphunzira kuwerenga zimenezi amadziwa chomwe akapeze chombo chisanagunde pansi. Luso lenileni la ntchitoyi lagona pamenepo.

Mbiri yake

Elite Dangerous inatuluka mu Disembala 2014. Inapangidwa ndi kampani ya Frontier Developments ya ku Cambridge, m'dziko la England, motsogozedwa ndi David Braben, amene pamodzi ndi Ian Bell anapanga masewera oyambirira a Elite mu 1984. Bwalo la masewerawa ndi mlalang'amba wathu wonse, wa nyenyezi pafupifupi 400 biliyoni, ndipo nkhani yake inayambira m'chaka cha 3300. Ngakhale papita zaka zoposa khumi anthu akuyendamo usana ndi usiku, malo amene afikako sanakwane ndi gawo limodzi lomwe mwa magawo 100.

Poyamba chombo sichinkatera papulaneti. Gawo la Horizons, la mu Disembala 2015, linalola kutera pamapulaneti opanda mpweya, ndipo kumeneko osewera ankapeza zinthu zochepa zamoyo monga Brain Tree ndi Bark Mound, zomwe ankangoziunika ali m'galimoto yoyendera papulaneti. Kusintha kwakukulu kunabwera ndi gawo la Odyssey pa 19 Meyi 2021. Kuyambira pamenepo munthu anatha kutsika n'kuponda nthaka, mapulaneti a mpweya wochepa anatseguka, ndipo mitundu yatsopano ya zomera ndi tizilombo inaikidwamo. Odyssey ili pakompyuta pokha, chifukwa mu Marichi 2022 Frontier inalengeza kuti yasiya kuikonzera PlayStation ndi Xbox. M'miyezi yoyamba ntchitoyi inkalipira zochepa moti ambiri ankainyoza, koma chakumapeto kwa 2022 mitengo inakwezedwa kwambiri, ndipo lero ndi njira imodzi imene wongoyamba kumene angapezere ndalama zambiri popanda kuombera aliyense.

Zofunika kukhala nazo

Chida choyamba ndi suti yotchedwa Artemis. Imagulitsidwa m'sitolo ya Pioneer Supplies, m'masiteshoni momwe munthu amatha kutsika n'kuyendamo, pamtengo wa ma credit 150,000, zomwe ndi ndalama za m'masewerawa. Sutiyi imabwera ndi Genetic Sampler, kachida kogwira m'manja kotengera masampulo. Ongoyamba ambiri amagula sutiyo n'kuiwala kuivala: munthu amayenera kuikonza ngati chovala chake n'kuisankha asanatsike, apo ayi amafika pamaso pa chomera ali chimanjamanja.

Chombo sichifunika kukhala chachikulu, ndipo kunena zoona chachikulu chimavutitsa. Zomera zambiri zimamera m'mapiri ndi m'zigwembe momwe chombo chotakata sichipeza potera. Diamondback Explorer, Dolphin, Cobra Mk III, ngakhale Hauler yotchipa ija, zimagwira bwino ntchitoyi. Muchombomo muyenera kukhala Detailed Surface Scanner younikira nthaka, Fuel Scoop yotungira mafuta kunyenyezi, chishango choteteza pakutera, ndi Frame Shift Drive yabwino kuti chizilumpha mtunda wautali. Mafuta amatungidwa kunyenyezi za magulu K, G, B, F, O, A ndi M zokha, ndipo osewera amaloweza zilembozi monga KGBFOAM. Amene mafuta amuthera kutali amaitana a Fuel Rats, gulu la osewera odzipereka lomwe lakhala likupulumutsa anzawo kwaulere kuyambira 2015. Galimoto yaing'ono ya Scarab imathandiza, koma ena amaisiya n'kumangouluka chapansipansi kuchokera pachomera china kupita pa chinzake.

Kuwerenga pulaneti usanatere

Munthu akafika panyenyezi yatsopano amaliza Discovery Scanner, imene imawerenga chiwerengero cha mapulaneti ndi miyezi yozungulira pamenepo. Osewera amati "honk" chifukwa cha kulira kwake. Kenako amatsegula Full Spectrum System Scanner n'kumayang'ana pulaneti lililonse palokha. Chidachi chimaonetsa ngati pali zizindikiro za zamoyo komanso kuti ndi zingati, koma sichitchula mitundu yake. Chimaperekanso zina zofunika koposa: mtundu wa pulaneti, mpweya wake, kutentha kwake ndi mphamvu yake yokoka.

Apa m'pamene wodziwa amasiyana ndi wongoyendera mwayi. Pulaneti la chizindikiro chimodzi chokha nthawi zambiri limakhala ndi Bacterium, yomwe mitundu yake yambiri ndi yotsika mtengo komanso yovuta kuiona. Koma pulaneti la zitsulo zambiri, lolembedwa High Metal Content, lokhala ndi mpweya wochepa ndi kutentha kopitirira 165 K, limene lili ndi zizindikiro ziwiri kapena kuposa, kawirikawiri limasunga Stratum Tectonicas, chamoyo chimene aliyense amachifuna. Kutentha kwa 165 K ndi madigiri pafupifupi 108 pansi pa ziro, choncho "kutentha" kwake n'kwa dzina chabe. Mapulaneti a madzi oundana amakhala ndi Fonticulua, ndipo mtundu wake umadalira mpweya: wa argon umabala wina, wa neon wina, wa methane winanso. Mapulaneti amiyala a mpweya wa carbon dioxide kapena ammonia ndi amene amadzaza, mwina mitundu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo papulaneti limodzi. Electricae ndi yosowa, imapezeka pamapulaneti ozizira kwambiri, ndipo mtundu wina umafuna kuti pafupi pakhale mtambo wa fumbi la nyenyezi. Ngakhale maonekedwe a chomera ali ndi chifukwa: chobiriwira, chofiirira kapena chachikasu chimatero potengera gulu la nyenyezi imene ikuchiwalira, ndipo m'mitundu ina potengera zitsulo za m'nthaka.

Pulaneti likaoneka loyenera, chombo chimayandikira n'kuponya tizida tounikira ta Detailed Surface Scanner kuzungulira pulanetilo. Kuunikako kukatha, mayina a magulu a zamoyo amaoneka, ndipo nthaka imapakidwa buluu m'madera momwe gulu lililonse lingamere. Apa pali msampha umene wagwira ambiri. Buluuyo sakutanthauza kuti chomera chili pomwepo, akungosonyeza kuti malowo ndi otheka. Ndi bwino kusinthasintha magulu pachithunzicho n'kusankha pomwe madera a mitundu ingapo akumana, makamaka m'malire a chidikha ndi phiri, komanso kumbali imene kuli dzuwa. Chithunzi cha buluucho chimazimiririka chombo chikangotsikira pafupi ndi nthaka, choncho chosankha chimapangidwa munthu akadali m'mwamba.

Pansi

Chamoyo chilichonse chili ndi pokhala pake. Stratum imayala pachidikha ngati zigamba zokhakhala zomatirira pansi. Tubus ndi mipope yaitali yoima chilili, imaoneka patali. Tussock ndi zitsotso za udzu, Frutexa ndi tizitsamba ta m'malo amiyala, Osseus imamera pamatanthwe ndipo imafanana ndi mafupa, Fungoida imakonda mapiri, Concha imabisala m'zigwembe, pomwe Fumerola imakhala pafupi ndi ziboo zotulutsa nthunzi. Yovuta pa zonse ndi Bacterium. Ndi banga lafulati pansi, nthawi zina la mtundu wofanana ndi dothi lenilenilo, moti munthu angaime pamwamba pake osaliona. Kuuluka pang'onopang'ono mamita ochepa kuchokera pansi, dzuwa lili chapambali, kumathandiza kuti m'mphepete mwa bangalo muoneke.

Kutenga sampulo pakokha n'kosavuta: munthu amayandikira, amaloza chida, amakanikiza mpaka chitamaliza. Chovuta ndi lamulo la mtunda. Masampulo atatuwo ayenera kuchokera ku zomera zotalikirana, chifukwa zoyandikana zimawerengedwa kuti ndi chomera chimodzi chimene changofalikira, monga momwe ana a nthochi ozungulira tsinde limodzi alili nthochi yomweyo. Mtundawo umasiyana malinga ndi gulu. Fumerola imafuna mamita 100, Frutexa, Concha ndi Aleoida 150, Tussock 200, Cactoida ndi Fungoida 300, Bacterium, Stratum ndi Fonticulua 500, Osseus ndi Tubus 800, ndipo Electricae kilomita yathunthu. Mtundawo umayezedwa kuchokera pa sampulo iliyonse yotengedwa kale, kotero amene akuyenda mozungulira angabwerere pafupi ndi yoyamba osadziwa. Kuyenda molunjika mbali imodzi kumapewetsa zimenezi.

Chidacho chili ndi batani lachiwiri lotumiza kuwala kozungulira, ndipo zomera zapafupi zimawala mosiyanasiyana: zobiriwira ndi zoyenera kutenga, zabuluu zayandikira kwambiri zomwe zatengedwa kale, zapepo ndi za mtundu wina. Mtundu winawu ndi wofunika kusamala nawo. Chidacho chimasunga chamoyo chimodzi pa nthawi, choncho munthu akatenga masampulo awiri a Osseus n'kukopeka ndi Tussock imene yamera pambali, awiri aja amafufutika. Si cholakwa chachikulu, koma kwa amene wayenda mamita 800 m'matanthwe chimapweteka.

Suti imadya batire, ndipo imadya msanga pamalo otentha kapena ozizira mopitirira. Kulowa m'chombo kapena m'galimoto kumaidzaza. Papulaneti la mphamvu yokoka yochepa munthu amalumpha patali mosangalatsa, koma pa la mphamvu yaikulu chombo chimatsika mofulumira kuposa momwe woyendetsa akuganizira, ndipo ambiri aphwanya zombo zawo potera, osati pankhondo.

Malipiro ndi maudindo

Zopezazo zimagulitsidwa pakauntala ya Vista Genomics, imene imapezeka m'masiteshoni ambiri komanso pa zombo zina zikuluzikulu za osewera zotchedwa Fleet Carrier. Mitengo imatalikirana kwambiri. Bacterium Aurasus ndi ma credit 1,000,000, pomwe Stratum Tectonicas ndi 19,010,800. Pamwamba pa izi, woyamba kupereka chamoyo china kuchokera papulaneti lina amalandira mtengowo kasanu, kotero Stratum Tectonicas imodzi ya papulaneti losapondedwapo imabweretsa pafupifupi 95 miliyoni. Chizindikiro chodalirika choti mwayiwu ulipo ndi chakuti papulanetipo sipanalembedwe First Footfall, dzina la munthu woyamba kupondapo. Dzinalo likalembedwa limakhala mpaka kalekale, ndipo kwa ambiri limeneli ndi lokoma kuposa ndalamazo.

Zonsezi zimakhala za munthu pokhapokha atagulitsa. Akafa ali wapansi, kapena chombo chikaphwanyika, masampulo onse osagulitsidwa amatayika, kaya ndi a tsiku limodzi kaya a mwezi wathunthu. N'chifukwa chake obwerera kuchokera kutali amasankha siteshoni yabata, ndipo ena amalowa gawo losewera okha kuti asakumane ndi osewera okonda kuphwanya zombo za anzawo. Kugulitsa kumakwezanso udindo wa Exobiologist, umene umayambira pa Directionless, n'kudutsa pa Compiler, Collector, Cataloguer, Taxonomist, Ecologist ndi Geneticist, mpaka Elite.

Poyambira

Ongoyamba amakhala ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kutsata mapulaneti odziwika kale. Mawebusayiti opangidwa ndi osewera, monga Spansh, EDSM ndi Inara, amasunga zimene anthu apeza, ndipo Spansh imatha kukonza ulendo wodutsa mapulaneti a zamoyo zodula okhaokha pafupi ndi dera lokhala anthu, lomwe amalitcha Bubble. Gulu la Canonn Research lasonkhanitsanso zambiri za momwe mtundu uliwonse umamerera. Njirayi ndi yabwino madzulo angapo oyamba, chifukwa munthu amadziwa kuti chomera chilipo ndipo amangophunzitsa maso ake. Koma ilibe malipiro a kasanu aja, ndipo wokhalitsa pamenepo amazolowera kuuzidwa kopita, osaphunzira kuwerenga pulaneti yekha.

Yachiwiri ndi kutuluka. Mtunda m'masewerawa umayezedwa ndi ulendo umene kuwala kumayenda pachaka, ndipo kuchoka mu Bubble ndi miyezo yotere 1,000 kapena 2,000 kumayamba kuonetsa nyenyezi zimene sizinaonedwepo. Chofunika ndi kupewa misewu yopondedwa: mzere wolunjika ku Colonia, mudzi wa anthu umene uli pamtunda wa miyezo pafupifupi 22,000 kuchokera ku Sol (dzuwa lathu), njira yopita ku Sagittarius A* pakati pa mlalang'amba, ndi madera ozungulira mitambo yotchuka ya fumbi la nyenyezi. Kukwera kapena kutsika miyezo mazana angapo kuchoka pamzere umene anthu ambiri amadutsa, kenako n'kulunjika mbali yopanda dzina lodziwika, kumafikitsa msanga pa mapulaneti opanda First Footfall.