Champaran: boma lomwe linatopa ndi kulima utoto

Ngati mukuwerenga nkhaniyi mutavala jinzi, tayang'anani kaye mtundu wake. Buluu ameneyo dzina lake ndi indigo. Masiku ano amapangidwa ndi mankhwala m'mafakitale, koma kale ankachokera m'masamba a kachitsamba kena. Kachitsambako kankalimidwa ndi anthu omwe sankakafuna n'komwe m'minda mwawo, ndipo ena mwa anthuwo anali a boma lina la kumpoto kwa India lotchedwa Champaran.

Champaran ili m'chigawo cha Bihar, kumalire ndi dziko la Nepal. Ndi dambo lalikulu lathyathyathya, lachonde, lomwe limamwa madzi a mtsinje wa Gandak wochokera kumapiri a Himalaya komanso a mtsinje wina wotchedwa Burhi Gandak. Dzinali limatanthauza nkhalango ya mitengo ya champa, mitengo ya maluwa onunkhira. Atsamunda a ku Britain analikhazikitsa kukhala boma palokha mu 1866, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 linagawidwa pawiri: East Champaran, likulu lake Motihari, ndi West Champaran, likulu lake Bettiah. Pa kalembera wa 2011, mbali ya kum'mawayo inali ndi anthu oposa pang'ono 5 miliyoni, ya kumadzuloyo pafupifupi 4 miliyoni. Pa anthu 10 alionse, 9 amakhala kumudzi. Kunyumba ambiri amalankhula Chibhojpuri, koma kusukulu, kuofesi ndi m'nyuzipepala ndi Chihindi.

Malowa si a dzulodzuloli ayi. Ku Kesaria kuli chimulu chachikulu cha njerwa chomwe anamanga otsatira a Buddha, ndipo ndi chimodzi mwa zimulu zazitali kwambiri za mtunduwu. Ku Lauriya Areraj ndi ku Lauriya Nandangarh kudakali zipilala zamwala zomwe anaimika mfumu Ashoka zaka zoposa 2,200 zapitazo. Pamwamba pa cha ku Nandangarh pakadali mkango wosema, uli khale mpaka lero. Koma chomwe chinatchukitsa Champaran ndi mkangano wa funso limodzi lomwe mlimi aliyense amalidziwa: m'munda mwangamu, wonena choti ndibzale ndani?

Makatha atatu

Tiyambe ndi mwini nthaka. Mu 1793 atsamunda anakhazikitsa lamulo loti m'chigawo chimenechi malo ndi a mabanja akuluakulu otchedwa zamindar, omwe azitolera lendi kwa alimi n'kumapereka gawo lake ku boma. Ku Champaran banja lalikulu kuposa onse linali la mafumu a ku Bettiah. Mafumuwa analowa m'ngongole zosaneneka, ndiye kuti apeze ndalama anabwereketsa midzi yathunthu kwa azungu olima indigo. Mzungu akatenga mudzi, ankatenganso mphamvu yotolera lendi kwa aliyense wolima m'mudzimo. Munthu mmodzi yemweyo anali wogula mbewu, wotolera lendi komanso bwenzi la majisitireti. Mlimi akanakadandaula kwa yani?

Dongosolo lomwe anaika linkatchedwa tinkathia. Kumeneko munda amauyeza ndi muyezo wotchedwa bigha, ndipo bigha imodzi ili ndi timagawo 20 totchedwa katha. Mlimi ankakakamizidwa kulima indigo pa makatha atatu a bigha iliyonse. Mwina mukuti, atatu pa 20, nanga n'zambiri zimenezo? Vuto linali lakuti wosankha makatha atatuwo anali kapitawo wa fakitale, ndipo ankaloza pachonde penipeni. Indigo imafuna kupalira pafupipafupi, ndipo imafuna anthu, ng'ombe ndi ngolo pa nthawi yomweyo yomwe mpunga ukuzifuna. Malipiro ake anali ochepa, owerengera kukula kwa munda, osati kuchuluka kwa zokolola. Masamba akafika kufakitale ankaviikidwa m'maiwe akuluakulu, anthu n'kumavundula madziwo mpaka utoto utadikha pansi, kenako kuwiritsa, kufinya, n'kudula timibulu totumiza ku Ulaya. Phindu linkakwera sitima, mlimi n'kutsala ndi msana wowawa.

Pamwamba pa lendi panali timisonkho tina tosaloledwa ndi lamulo, totchedwa abwab. Bwana akafuna kugula hatchi, njovu kapena galimoto, mudzi unkasonkha. Wokana ankamulanda ng'ombe, kumutsekera njira ya kudambo, kapena kumusemera mlandu.

Pakati pa zonsezi, mu 1903, m'kanyumba kena ku Motihari munabadwa mwana wa mzungu wogwira ntchito m'nthambi ya boma yoona za opium, mbewu ina yomwe atsamunda ankapindula nayo kumeneko. Mwanayo anali Eric Blair, yemwe dziko linadzamudziwa ndi dzina loti George Orwell. Anapita naye ku England akadali wakhanda.

Nkhani itembenuka ku Germany

Chomwe chinagwedeza eni mafakitale poyamba sichinachokere kwa alimi. Mu 1897 kampani ya BASF ya ku Germany inayamba kugulitsa indigo wopanga ndi mankhwala, wotchipa komanso wosasinthasintha mtundu. Mtengo wa indigo wa m'munda unagwa. Munthu ukanayembekezera kuti alimi apuma tsopano. Ayi ndithu. Azunguwo anati: chabwino, tikumasulani, musalimenso indigo, koma ufuluwo muugule. Ena anawakwezera lendi mpaka kalekale, zomwe zinkatchedwa sharahbeshi. Ena anawalipiritsa chindalama chochuluka nthawi imodzi, chotchedwa tawan. Mlimi ankatenga katapila kuti alipire kuleka kulima mbewu yomwe mwini wakeyo sankaifunanso.

Anthu sanangokhala chete. Mu 1908 alimi a kufupi ndi Bettiah, motsogozedwa ndi anthu monga Sheikh Gulab ndi Sheetal Rai, anakana kulima indigo. Apolisi anabwera, ambiri anamangidwa. Kenako nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, utoto wa ku Germany unasiya kufika pamsika, mtengo wa indigo wa m'munda unakweranso, ndipo mafakitale ena anayambanso kukakamiza anthu.

Mlimi wosamva kukanidwa

Apa ndi pomwe pakulowa Raj Kumar Shukla, mlimi wa m'mudzi wa Murli Bharahwa. Sanali mmphawi wotheratu, komanso sanali wophunzira za kuyunivesite. Chomwe anali nacho ndi khama. Mu December 1916 anapita ku msonkhano wa chipani cha Indian National Congress ku Lucknow, komwe anakumana ndi loya wina yemwe anali atangobwerera kwawo mu 1915 atakhala zaka 21 ku South Africa: Mohandas Gandhi. Gandhi sankadziwa chilichonse cha Champaran, ndipo anakana kulankhulapo pa zinthu zomwe sanazione ndi maso ake. Paja akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Shukla sanagwe ulesi. Anamutsatira ku Kanpur. Anamutsatira kwawo ku Ahmedabad. Gandhi atanena kuti adzakhala ku Calcutta tsiku lakutilakuti, anakapeza Shukla atafika kale, akudikira. Basi, anakwera sitima limodzi. Pa 10 April 1917 anali ku Patna, ndipo pa 15 April anafika ku Motihari.

M'mawa mwake Gandhi anakwera njovu kupita ku mudzi wa Jasaulipatti, komwe anamva kuti mlimi wina wazunzidwa. Asanafike, wapolisi anamupeza panjira, ndipo anapatsidwa kalata yomulamula kuti achoke m'bomalo. Iye anayankha molemba kuti sachoka. Pa 18 April anaonekera kukhoti, kunja kutadzaza khwimbi la alimi. Boma linkayembekezera kuti ayamba kuzungulira ndi malamulo ngati loya aliyense, koma iye anangovomera mlanduwo, n'kufotokoza kuti waphwanya lamulolo mwadala chifukwa chikumbumtima chake chamulamula zina. Atauzidwa kuti apereke belo, anakananso. Majisitireti anasowa pogwira. Patangopita masiku ochepa, mkulu wa chigawocho, Edward Gait, analamula kuti mlanduwo uthetsedwe komanso kuti Gandhi aloledwe kufufuza.

Gawo limeneli ndi lomwe limakonda kusimbidwa. Koma kwa ine chosangalatsa kwambiri ndi ntchito yotopetsa yomwe inatsatira. Gandhi ndi anzake, omwe ena mwa iwo anali Brajkishore Prasad, Rajendra Prasad ndi J. B. Kripalani, anakhala pansi n'kuyamba kulemba madandaulo a alimi, mmodzimmodzi. Aliyense ankafunsidwa mafunso ngati ali kukhoti. Wokometsera nkhani ankabwezedwa. Womaliza ankadinda chala chake papepala, nthawi zambiri wapolisi ali chilili pomwepo akumvetsera. Maumboni anapitirira 8,000. Munthu yemwe dzulo lake ankapatuka m'njira akaona kapitawo, lero akutchula dzina la fakitale, tsiku ndi ndalama zake, wapolisi akumva. Mantha anayamba kusungunuka pamenepo.

Mu June 1917 boma linakhazikitsa komiti yofufuza, wapampando wake Frank Sly, ndipo Gandhi anali mmodzi mwa mamembala. Lipoti linatuluka mu October, ndipo mu 1918 lamulo lotchedwa Champaran Agrarian Act linathetsa tinkathia. Lendi yomwe inakwezedwa ija inatsitsidwa ndi 20 mpaka 26 peresenti, ndipo pa ndalama za tawan anagwirizana zobweza 25 peresenti yokha. Ena anang'ung'udza kuti n'zochepa, ndipo sankalakwa. Komabe bwana yemwe wakakamizidwa kubweza ndalama pamaso pa mudzi wonse saopedwanso ngati kale. M'zaka zotsatira, ambiri mwa azunguwo anagulitsa malo n'kuchoka.

Ife a kuno nkhani imeneyi si yachilendo m'makutu. M'zaka zomwezo, pansi pa ufumu womwewo wa Britain, agogo athu a m'maesiteti a ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje ankalipira lendi ya malo a makolo awo ndi thukuta la thangata. John Chilembwe anaukira mu January 1915, mwezi womwe Gandhi anatsika sitima ku Bombay. Koma thangata sinathe nthawi imeneyo, inakoka mpaka zaka za m'ma 1960.

Zitatha zonse

Champaran inali malo oyamba m'India momwe Gandhi anayesa njira yake yokana lamulo popanda chiwawa, yomwe ankaitcha satyagraha. Rajendra Prasad, mmodzi mwa olemba maumboni aja, anadzakhala pulezidenti woyamba wa India mu 1950. Gandhi ndi mkazi wake Kasturba anatsegulanso sukulu zitatu m'midzi ya Barharwa Lakhansen, Bhitiharwa ndi Madhuban. Shukla anamwalira mu 1929, osauona ufulu wa 1947.

Nanga bomalo? Apa nkhani imazizira. Wolemba mbiri wa ku France, Jacques Pouchepadass, anasonyeza kuti omwe anatsogolera komanso kupindula kwambiri anali alimi opezako bwino. Aganyu opanda malo, ambiri a iwo a m'magulu onyozedwa, anangosintha bwana. Chivomezi chachikulu cha pa 15 January 1934 chinagumula Motihari. Lamulo la 1950 linathetsa ulamuliro wa ma zamindar ku Bihar, koma malo ambiri anatsalabe m'manja mwa mabanja ochepa. M'malo mwa indigo munalowa nzimbe, ndipo mlimi anayamba kudikira kuti fakitale ya shuga imulipire. Mafakitale ena, kuphatikizapo la ku Motihari, anatsekedwa. Pa kalembera wa 2011, odziwa kulemba ndi kuwerenga ku East Champaran anali pafupifupi 56 pa 100 alionse.

Sikuti zonse n'zakuda ayi. Ku Raxaul kumadutsa katundu wambiri wopita ku Nepal. Ku Mehsi kuli minda ya zipatso za litchi. Mu 2016 ku Motihari kunatsegulidwa yunivesite ya boma yotchedwa dzina la Gandhi. Ndipo m'mizinda yambiri ya India mupeza malo odyera olembedwa dzina la Champaran, ogulitsa nyama ya mbuzi yophikidwa pang'onopang'ono pamakala, mumphika wadothi womata ndi ufa wokanda.

Koma mukafika pasiteshoni ya sitima ku Motihari, yomwe tsopano imatchedwa Bapudham Motihari polemekeza Gandhi, muona anyamata atanyamula zikwama, ambiri atavala jinzi. Ena akupita ku Delhi ndi ku Mumbai kukamanga nyumba za eni. Ena akupita ku Punjab kukaoka mpunga m'minda ya eni. Palibe kapitawo wawakakamiza. Kwawo nthaka ndi yachonde monga kale, kungoti kamunda ka banja n'kochepa, ndipo chaka china Gandak akasefukira amakatenga konse. Makatha atatu aja anabwerera kwa mlimi mu 1918. Mdzukulu wa waganyu uja akadali pasiteshoni, akudikira sitima.