Amene amakweza mtengo wa chipisi si wa pachiwaya

Mu 1971, pamene dziko lino linasiya mapaundi ndi mashiling'i n'kuyamba kugwiritsa ntchito kwacha ndi tambala, makwacha awiri ankafanana ndi paundi imodzi ya ku Britain. Kwacha imodzi inkaposa dola ya ku America. Mu Novembala 2023, banki yaikulu ya dziko lino inalengeza kuti dola imodzi izigulidwa pafupifupi K1,700. Akatswiri a zachuma amafotokoza ulendo umenewu ndi manambala amene ambirife timangowayang'ana. Ine ndikufuna kuufotokoza ndi chinthu chimene wophunzira aliyense amachidziwa bwino: kamulu ka chipisi ka pachiwaya.

Tikamadandaula kuti chakudya chogula chakwera mtengo, pamatuluka mayankho awiri. Ena amati ogulitsa achuluka dyera. Ena, makamaka akuluakulu, amati achinyamata a masiku ano ndife aulesi, tikanangophika tokha. Ndikuona kuti mayankho onsewa ndi olakwika, ndipo mbiri ya kudya kunja kwa khomo m'Malawi muno ikusonyeza chifukwa chake.

Makolo athu akale sankagula chakudya chophikaphika. Munthu wa paulendo ankanyamula kamba: chimanga chokazinga, mbatata yootcha, mtedza, mwina ndi ufa pang'ono. Kukamudera, ankapempha malo pamudzi ndipo ankamuphikira nsima, chifukwa kumana mlendo chakudya chinali chinthu chochititsa manyazi. Zinthu zinayamba kusintha atsamunda atalanda dziko lino mu 1891 n'kukhazikitsa msonkho wa nyumba. Msonkho unkafuna ndalama, ndipo ndalama zinali kwa azungu. Amuna anayamba kuchoka m'midzi kupita ku minda ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, ku Blantyre, ku ntchito ya njanji imene inafika mu Blantyre mu 1908, ndipo ena anapitirira mpaka ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Johannesburg. Dzina la Wenela, pamene timakwerera mabasi mu Blantyre, ndi chipsera cha nthawi imeneyo: linachokera ku bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya kumigodi.

Mwamuna amene wasiya mkazi ndi nkhokwe kumudzi ayenera kudyabe. Apa m'pamene panabadwira malonda a chakudya chophika. Amayi anayamba kukhala m'mphepete mwa misewu, m'misika ndi m'masiteshoni ndi zitumbuwa, thobwa, chinangwa chophika ndi nsima. Kenako kunabwera matiyirumu, kumene munthu ankagula kapu ya tiyi ndi sikono. Mahotela aakulu a m'tauni analipo, koma munthu wakuda ankalowamo ngati wophika kapena woperekera zakudya. Choncho kuyambira pachiyambi, kudya kunja kunali kwa mitundu iwiri. Panali odya kunja chifukwa chofuna kusangalala, ndipo panali odya kunja chifukwa ntchito yawatalikitsa ndi mafuwa a kwawo. Ambirife ndife zidzukulu za gulu lachiwirili.

Chipisi chenichenicho ndi chachilendo kuposa mmene timaganizira. Mbatatesi, kapena kuti kachewere, kwawo ndi ku mapiri a Andes ku South America, ndipo kuno inabwera ndi azungu. Inakonda malo ozizira monga Tsangano ndi Lizulu ku Ntcheu, Bembeke ku Dedza, ndi mapiri a ku Neno. Mafuta ophikira nawonso sanali a m'nyumba iliyonse. Agogo athu ankatendera ndiwo ndi nsinjiro, ndipo kumiza chakudya chonse m'mafuta owira akanakuona ngati kusakaza. Komanso mu ulamuliro wa Kamuzu Banda, kuchita malonda paliponse m'misewu ya m'mizinda kunali koletsedwa. Boma linkafuna mizinda yooneka yaukhondo, linkaika mitengo ya katundu wofunika, ndipo ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971 momwemo, ndi imene inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono. Dongosolo limeneli linayamba kumasuka kuchokera mu 1981, pamene dziko lino linayamba kulandira ngongole za World Bank zobwera ndi malamulo akuti boma lichotse dzanja lake pa mitengo.

Chaka chimene chinabereka chiwaya monga tikuchidziwira lero ndi 1994. Mu Febuluwale chaka chimenecho, kwacha inasiyidwa kuti mtengo wake uzidziwika ndi msika, ndipo pofika kumapeto kwa chaka dola imene inali pa makwacha osakwana 5 inafika pafupifupi K15. Mu Meyi, Bakili Muluzi anapambana chisankho choyamba cha zipani zambiri, ndipo mavenda anadzaza m'misewu ya Limbe, Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu popanda wowathamangitsa. M'zaka zotsatira makampani a boma anayamba kugulitsidwa, anthu ambiri anachotsedwa ntchito, maminibasi anachuluka, ndipo pa siteji iliyonse panali anthu anjala ofuna kudya mwachangu. Chiwaya chinayankha zonsezi nthawi imodzi. Mpamba wake unali wochepa: chitsulo chosulidwa chokhala ndi dzenje pakati, nkhuni, mpeni, ndowa ya mbatatesi ndi botolo la mafuta. Mnyamata wopanda ntchito anapeza ntchito, ndipo wantchito wopanda nthawi anapeza nkhomaliro.

Koma walira mvula walira matope. Ufulu umene unatsegulira mavenda misewu unabwera chaka chimodzi ndi ufulu wa kwacha kugwa mmene ingagwere. Mu 1995 mitengo ya zinthu inakwera ndi maperesenti opitirira 80. Chiwaya chinabadwa chitamangiriridwa kale ku dola, ndipo chingwe chimenecho sichinaduke mpaka lero. Ngakhale pamene boma la Bingu wa Mutharika linachotsa mavenda m'misewu mu 2006, ziwaya sizinathe. Zinangosunthira m'mphepete mwa misika, m'madepoti ndi kuseri kwa mabala, chifukwa njala imene inazibereka inali ikadalipo.

M'zaka za m'ma 2000 momwemo kunayambanso kufika mtundu wina wa chakudya chachangu, wa m'malo ogulitsira zinthu amakono monga pa Chichiri, ndipo lero mayina ngati KFC, Steers ndi Debonairs si achilendonso. Kumenekonso mitengo yakwera, koma sindikhalitsapo pa nkhani yake. Nkhuku ya m'bokosi ikakwera, munthu amangosiya kupitako kapena kudikira kumapeto kwa mwezi. Chipisi cha pachiwaya, nsima ya kuchiimilire ndi mandasi zikakwera, munthu amadumpha chakudya.

Tiyeni tsono tiphwanye kamulu ka chipisi tione chimene chili mkati. Choyamba ndi mafuta. Makampani oyenga mafuta ophikira m'dziko muno amadalira kwambiri mafuta osayenga ochokera kunja, ogulidwa ndi madola. Mu 2020 boma linaika msonkho wa VAT wa 16.5 peresenti pa mafuta ophikira. Mu Febuluwale 2022 Russia inalowa mu Ukraine, mayiko awiri amene amatsogola pogulitsa mafuta a mpendadzuwa pa dziko lonse. Mu Epulo chaka chomwecho Indonesia, imene imapanga mafuta a kanjedza ochuluka kuposa dziko lina lililonse, inaletsa kwa masabata angapo kutumiza mafutawo kunja. Boma lathu linachotsa VAT ija, koma mpumulo wake sunakhalitse chifukwa mu Meyi kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Mnyamata wa pachiwaya pa Lunzu sanapiteko ku Jakarta, koma chimene chinagamulidwa kumeneko chinamupeza m'botolo lake la mafuta.

Chachiwiri ndi mbatatesi. Imeneyi ndi yathu, yolimidwa ndi manja athu, koma imadya feteleza wambiri komanso imafuna mankhwala oteteza ku chiwawu, ndipo zonse ziwiri zimachokera kunja. Feteleza wotsika mtengo wa boma amaperekedwa poganizira chimanga, kotero mlimi wa mbatatesi amene akufuna kukolola zokwanira kugulitsa amagula wa kusitolo. Chachitatu ndi ulendo. Thumba likachoka ku Tsangano limakwera galimoto, ndipo dizilo wa galimotoyo walowa m'dziko muno kudzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam. Ngakhale mchere umene timawaza pamwamba timauitanitsa kunja. Chimene chatsala chathuchathu ndi nkhuni, kabichi, tomato ndi thukuta la wokazingayo, ndipo mwa zonsezi chimene mtengo wake umakwera mochedwa ndi thukutalo.

Wogulitsa pachiwaya amadziwa kuti makasitomala ake alibe ndalama, choncho kukweza mtengo amakuika kumapeto. Amayamba ndi kuchepetsa kamulu. Kenako banyira, kaja ankakuwonjezera ukamuseka pang'ono, kamasowa. Saladi amasanduka kabichi yekhayekha. Mafuta amene kale akanatayidwa amabwerezedwa mpaka kuda bii, ndipo mtengo wa zimenezo tidzaulipira ndi matupi athu m'tsogolo. Zonsezi zikalephera m'pamene amatchula mtengo watsopano, ife n'kumukalipira ngati ndiye wagwetsa kwacha.

Wofuna umboni wina ayang'ane ndalama za m'thumba mwake. Ya K500 inatuluka mu 2001 ndipo inali yaikulu kuposa zonse kwa zaka zoposa khumi. Ya K1,000 inabwera mu 2012, chaka chimene boma la Joyce Banda linasuntha dola kuchoka pa K168 kufika pa K250. Ya K2,000 inabwera mu 2016, ya K5,000 mu 2022. Malipiro nawo amakwera, koma amathamangira kumbuyo. Mu Januwale 2021 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anali K50,000 pamwezi, omwe panthawiyo anali madola pafupifupi 64. Mu Febuluwale 2024 anakwezedwa kufika pa K90,000, koma amenewa anali madola pafupifupi 53. Papepala wantchito anakwezedwa malipiro. Pachiwaya, pamene pafupifupi chilichonse chimawerengedwa m'madola mobisika, anatsitsidwa.

Nanga bwanji osangophika tokha? Funso limeneli limachokera kwa anthu amene anaphunzira nthawi ina. Yunivesite ya Malawi itatsegulidwa mu 1965, komanso Chancellor College itasamukira ku Zomba mu 1973, wophunzira ankagona pasukulu ndipo ankadya ku kafeteriya katatu patsiku, boma likulipira. Akuluakulu amene anadutsa m'nthawi imeneyo amasimba za chakudyacho mpaka lero. Pang'onopang'ono ophunzira anachuluka kuposa zipinda zogona, kafeteriya yaulere inalowedwa m'malo ndi alawansi, ndipo mu 2015 boma linasiya kupereka alawansiyo kwa ophunzira atsopano n'kukhazikitsa bungwe lopereka ngongole. Lero ambiri timachita lendi kunja kwa sukulu, m'madera ngati Chikanda ku Zomba, awiri kapena atatu m'kachipinda kamodzi. Kuphika kumafuna makala, amene akwera mtengo pamene nkhalango zikutha, kapena magetsi, amene sadalirika. Tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Kuphika kumafunanso mafuta omwe aja, ogulidwa moyeza pang'onopang'ono pa mtengo wokwera kuposa wa chigubu. Nyemba sizipsa pakati pa kalasi ya 11 koloko ndi ya 1 koloko.

Zimenezi si za ophunzira okha. Mlonda wochokera ku Mtandire, kondakitala wa ku Bangwe, mayi wosoka zovala mu msika wa Limbe, onsewa amachoka pakhomo kusanache ndipo amabwerera kutada. Ali m'malo omwe aja a agogo athu amene ankagula zitumbuwa pa siteshoni ya sitima. Kwa iwo chiwaya ndi khitchini, ndipo kuwauza kuti asiye kudya kunja n'chimodzimodzi kuwauza kuti asiye ntchito.

Chimene chimandipweteka m'mbiri imeneyi n'chakuti chingwe chachikulu chimene chimamanga chiwaya ku dola, chomwe ndi mafuta, n'chimene tikanatha kuchidula. Nyanja yamchere tilibe, ndipo petulo sitikumba. Koma mtedza, soya ndi mpendadzuwa zimabereka bwino ku Mchinji, ku Kasungu, ku Lilongwe ndi ku Mzimba. M'nthawi ya Kamuzu mtedza wa chalimbana unkagulitsidwa mpaka ku Ulaya. Lero soya wathu wambiri amatuluka m'dziko muno ali m'matumba, ife n'kumasaka madola oti tigulire mafuta osayenga a mayiko ena. Kuchokera mu 1994, maboma asinthana, aliyense akulonjeza kuti tidzakhala dziko logulitsa kunja m'malo mogula, koma botolo la pachiwaya likudikirabe sitima ya pamadzi.

Ife amene tikuphunzira lero ndife amene mawa tidzakhale m'maofesi okonza misonkho, m'mabanki ndi m'nyumba zofalitsa nkhani. Ndikupempha kuti tikadzafika kumeneko tisadzaiwale masamu a kamulu ka chipisi. Ndipo panopa, wandale akabwera kudzatiuza kuti chuma chikuyenda bwino, timufunse mafunso amene angayankhidwe ndi manambala: mafuta ophikira amene tikudya, ochuluka bwanji achokera m'minda ya m'Malawi, ndipo chaka chamawa adzakhala ochuluka bwanji? Ukali umene timauthira pa mnyamata wa pachiwaya ukuyenera kupita kumeneko. Iye waima pa utsi tsiku lonse, ndipo madzulo akawerengera ndalama zake, nayenso amapeza kuti sizikukwana kugula mafuta a mawa.