Mbiri ya Zilembo za Madisiki pa Kompyuta

Aliyense amene anagwiritsapo ntchito kompyuta ya Windows amadziwa kuti nkhokwe yake yaikulu, yotchedwa hard disk, imadziwika ndi chilembo C. Nanga zilembo A ndi B zinapita kuti? Yankho lake lili m'mbiri ya makinawa.

M'chaka cha 1974, katswiri wa ku America, Gary Kildall, analemba pulogalamu yoyendetsera makompyuta aang'ono yotchedwa CP/M, imene inkapatsa disiki iliyonse chilembo chake. Kampani ya IBM itatulutsa kompyuta yake ya PC mu 1981, pulogalamu ya DOS, imene Microsoft inagula ku Seattle Computer Products, inatengera mwambo womwewo. Kompyutayo inalibe hard disk. Zinthu zinkasungidwa pa timadisiki topyapyala totchedwa floppy. Chowerengera timadisiki choyamba chinali A, chachiwiri chinali B. Ngakhale kompyuta yokhala ndi chowerengera chimodzi chokha inkasungabe chilembo B, kuti munthu azitha kukopera fayilo kuchokera pa kadisiki kena kupita pa kanzake pongosinthanitsa timadisikito.

Mu 1983 IBM inatulutsa PC XT, imene inali ndi hard disk yosunga mamegabaiti 10. Mlendoyu anadzadi ndi kalumo kakuthwa, koma anapeza mipando iwiri yakutsogolo ili ndi eni ake, motero anakhala pa C.

Mwambowu unabala vuto. DOS inkagawa zilembo mwatsopano nthawi iliyonse kompyuta ikayatsidwa, ndipo inkayamba ndi chigawo chachikulu cha disiki iliyonse, kenaka n'kubwerera ku zigawo zotsala. Tiyerekeze kuti munthu anagawa disiki yake pawiri, C ndi D. Akaonjezera disiki yachiwiri, yatsopanoyo inkalanda D, ndipo chigawo chimene chinali D chinkasanduka E. Mapulogalamu amene ankadziwa kuti mafayilo ake ali pa D ankawasowa, n'kukana kugwira ntchito. Mafayilowo sanali otayika ayi, koma zinali ngati kalata yopita ku keyala imene mwini wake anasamukako.

Vutoli linayamba kuchepa mu 1993 pamene Windows NT inalola munthu kusankha yekha chilembo cha disiki, ndipo kompyuta inkachikumbukira. Mu Windows 2000 munabwera chida chotchedwa Disk Management, chimene chilipo mpaka lero. Munthu amasankha disiki imene akufuna, n'kuipatsa chilembo china chimene chilibe mwini. Komabe chidachi sichilola kusintha chilembo cha disiki imene Windows yeniyeniyo ikukhalapo, popeza mapulogalamu ambiri analemba kale chilembocho m'makeyala awo. Ngakhale pa madisiki ena, wosintha chilembo mosaganiza bwino amadzutsa vuto lakale lija.

Timadisiki ta floppy tinatha ntchito pang'onopang'ono, ndipo kampani ya Sony inaleka kutipanga mu 2011. Lero munthu akhoza kupatsa fulashi yake chilembo A kapena B ngati afuna, koma kompyuta payokha imazilumpha zilembozi. Mapulogalamu ena oyendetsera kompyuta, monga Linux, sagwiritsa ntchito zilembo n'komwe. Izi zikusonyeza kuti chilembo C si lamulo la chilengedwe. Ndi chizolowezi chimene chinayamba chifukwa cha timadisiki tiwiri, ndipo chinakhazikika chifukwa kuchizula kukanagwetsa zambiri zimene zinamangidwa pamwamba pake.